Funsani Amalume: Ntchito yoyamba ndi mawu ovuta kunena kwa abwana

Mayeso a Fomu 4 akangotha, makalata amene amafika patsamba lino amasintha nkhani. Mafunso a zibwenzi amayamba achepa, ndipo m'malo mwake mumabwera madandaulo a anyamata ndi atsikana amene alowa ntchito koyamba pamene akudikira kuti bungwe la MANEB litulutse zotsatira. Mwezi uno ndasankha makalata ochokera mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira. Monga mwa nthawi zonse, ndawafupikitsa, ndipo mayina a olemba ndi a mabwana awo ndawachotsa.

Akuti m'golosale muli shoti

Amalume,
Ndine mnyamata wa zaka 17 ndipo ndimakhala ku Chinamwali. Nditamaliza mayeso, bambo ena amene amapemphera mpingo umodzi ndi makolo anga ananditenga kuti ndizigulitsa m'golosale yawo. Nditafunsa za malipiro anangoti, "Iwe ndiwe mwana wathu, tidzaona mwezi ukatha." Mwezi woyamba anandipatsa kangachepe, ndipo wachiwiri anandiuza kuti sindilandira kalikonse chifukwa m'golosale muli shoti. Ine sindinabe, koma madzulo ana awo amabwera kudzatenga sopo, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo mayi a pakhomopo amapereka katundu pangongole kwa anzawo. Ndikuopa kulankhula chifukwa makolo anga adzati ndawachititsa manyazi kumpingo. Nditani?

Mphwanga,
Vuto lako linabadwa tsiku limene unamva mawu akuti "tidzaona" n'kuyankha kuti zikomo. Sindikukudzudzula, chifukwa unachita mmene tinakulerera. Kwathu kuno mwana wabwino ndi amene safunsa kawiri munthu wamkulu akalankhula, amene amalandira chinthu ndi manja awiri osachitembenuza kuti aone ngati chili chonse. Khalidwe limeneli limamanga mabanja, koma palibe amene anakuuza kuti pantchito munthu amayenera kuwonjezerapo luso lina, lomwe ndi kufunsa za ndalama mwaulemu mpaka yankho litamveka. Ambiri timaphunzira lusoli pantchito yoyamba, ndipo nthawi zambiri timaliphunzira titaluza malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri, monga zakuchitikira iwe.

Usanagwire makiyi a golosale unayenera kudziwa kuti uzilandira zingati, pa tsiku liti, ndiponso kuti uzitsekula ndi kutseka nthawi yanji. Lamulo la zantchito la dziko lino, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2000, limati bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo azipereka mfundo zimenezi m'kalata mwezi usanathe chiyambire ntchito. Golosale ya munthu mmodzi mwina siifika pamenepo, koma zimenezi sizitanthauza kuti thukuta lako ndi laulere. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo boma limalengeza malipiro ochepetsetsa amene bwana aliyense sayenera kutsika pansi pake. Chiwerengero chake chimasintha nthawi ndi nthawi, choncho ukafunse ku ofesi ya zantchito, imene anthu amangoti ku Leba, kuti akuuze chimene chilipo panopa. Lamulo lomweli limaletsa bwana kulipitsa wantchito chindapusa. Limamulola kudula ndalama pa katundu amene wantchitoyo wawononga, koma shuga amene wakathiridwa m'tiyi wa kunyumba kwa abwana sunamuwononge ndiwe.

Tsopano tikambe za shoti, chifukwa apa ndi pamene pagona phunziro limene lidzakuthandize ngakhale utadzakhala akauntanti pakampani yaikulu. Shoti ndi kusiyana kwa katundu amene anayenera kukhalapo ndi ndalama zimene zapezeka. Munthu sanganene kuti pali shoti ngati panalibe kuwerenga poyamba. Kodi tsiku limene unayamba, munawerengera limodzi mapaketi a shuga, mabotolo a mafuta ndi makatoni a sopo? Kodi abwana akabwera ndi katundu wokapikula ku maholoselo a m'tauni, amakuonetsa lisiti kapena amangotula? Ndikukhulupirira kuti ayi. Choncho chimene akuchitcha shoti ndi kumva kwa mumtima mwawo kuti ndalama zikuchepa, ndipo mwina zikuchepadi, koma sangathe kuloza dzanja limene lazichepetsa. M'magolosale ang'onoang'ono ambiri phindu limathera m'khitchini ya mwini wake, pang'onopang'ono, popanda aliyense woganiza kuti akuba, ndipo mlandu umagwera amene waima pakaunta chifukwa ndiye mlendo yekhayo m'nkhaniyo.

Mankhwala ake ndi kope la sukulu ndi cholembera. Tsamba lina ulembemo katundu wolowa, lina katundu wopita kunyumba kwa abwana, lina ngongole, ndi dzina la wotenga komanso la amene waloleza. Mwana wa abwana akabwera kudzatenga sopo, umupatse ndi nkhope yosangalala, koma alembe dzina lake m'kope. Madzulo uwerengere ndalama pamaso pa abwana, uwapemphe asayine, ngakhale atanena kuti, "Aa, ndimakukhulupirira." Kuwerengera ndalama pamaso pa munthu wamkulu si mwano ayi. Ngakhale kumpingo kwanuko chopereka amawerenga anthu angapo, onse okhulupirika, ndipo palibe amene amakwiya.

Polankhula nawo usapite wekha, ndipo usayambe ndi kunena za ana awo, chifukwa kholo likamva kuti mwana wake akutchulidwa m'nkhani ya kusowa kwa katundu makutu amatsekeka. Uyambe wafotokozera makolo ako zonse. Ukuopa kuti achita manyazi, koma manyazi aakulu angadzabwere ngati mbiri yakuti unaba itawafika kudzera kwa anthu ena iwe uli chete. Mmodzi wa iwo, kapena mkulu wa mpingo amene onse amamulemekeza, apite nawe. Mawu ake akhoza kukhala akuti, "Bambo, mwanayu akufuna kupitiriza kukuthandizani, koma kuti mawa pasadzakhale kukayikirana, tiyeni tiwerenge katundu yense, titchule malipiro, ndiponso tione za miyezi iwiri yapitayi." Bwana woona mtima adzakondwera nazo, chifukwa kopelo likuteteza chuma chake. Akakana kuwerenga katundu, ndiye kuti wakuuza yekha kuti palibe chifukwa chokhalira pamenepo. Zikatero ofesi ya zantchito imalandira madandaulo a malipiro ndipo imaitanitsa mbali zonse ziwiri, ndipo zikakanika pamenepo pali khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Komabe pa ndalama za miyezi iwiri, pakati pa anthu opemphera limodzi, ine ndingayambe ndayesa njira ya akuluakulu.

Kodi mwana wa zaka 15 angagwire ntchito patchuthi?

Amalume,
Ndine mayi wa ana anayi wa ku Matawale. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15, amene ali Fomu 2, akufuna kuti patchuthi azikathandiza palesitilanti ya mnzanga pafupi ndi depoti ya basi, kutsuka mbale ndi kuperekera zakudya. Bambo ake akukanitsitsa, akuti boma limaletsa ana kugwira ntchito ndipo mwana akalawa ndalama sukulu amaitaya. Ine ndinakula ndikugulitsa zitumbuwa ndipo sindikuona cholakwika. Ndani akulondola?

Mayi,
Pa za lamulo, bambo a kunyumba alondola theka lokha. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana amene sanakwane zaka 14. Kuyambira zaka 14 mpaka 18 mwana akhoza kugwira ntchito, pokhapokha ngati ntchitoyo siiwononga thanzi lake, chitetezo chake, makhalidwe ake kapena maphunziro ake, ndipo womulembayo amayenera kusunga kaundula wa antchito onse osakwana zaka 18. Dziko la Malawi linavomereza mapangano a ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, okhudza ntchito za ana m'chaka cha 1999, ndipo mu 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zimene mwana sayenera kuzigwira konse. Kutsuka mbale masana patchuthi n'kosiyana ndi kupopera mankhwala m'munda wa fodya kapena kugulitsa mowa usiku.

Koma mantha a bambowo musawapeputse. Aliyense amene amadziwa za ku Kachulu ndi madoko ena a nyanja ya Chilwa anaonapo anyamata amene anapita kunyanja kuti akangopeza ya yunifolomu, n'kukhazikika pa zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pamadzi, chifukwa matemba amabweretsa ndalama tsiku lomwelo pamene sukulu imalonjeza zakutsogolo. Nyanjayi inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso, ndipo amene anasiya sukulu chifukwa cha nsomba anapezeka alibe nsomba, alibenso satifiketi. Ndalama yofulumira imakoma kwambiri pamsinkhu umenewu. Choncho ngati mumulola, ntchitoyo ikhale ndi tsiku lothera lodziwika, sabata imodzi sukulu isanatsekulidwe, ndipo gawo la malipiro lipite ku makope, nsapato kapena fizi, kuti mwanayo aone ndi maso ake kuti ntchitoyi ikutumikira sukulu.

Mupite nokha mukaone malowo nthawi ya nkhomaliro pamene anthu achuluka. Muone ngati pamagulitsidwa mowa, muone anthu amene amadyapo ndi mmene amalankhulira kwa atsikana operekera zakudya, ndipo mugwirizane kuti aziweruka dzuwa lisanalowe. Padepoti pamadutsa anthu a mitundu yonse, ndipo mtsikana wa zaka 15 ayenera kudziwa kuti kumwetulira kasitomala sikumukakamiza kupirira mawu onyansa kapena kugwidwa dzanja.

Chimene ndingakupempheni koposa ndi chakuti pokakambirana za malipiro ndi mnzanuyo, mwanayo akhalepo. Makolo ambiri amakapangana kuseri, mwana n'kungouzidwa kuti uyambe Lolemba. Mulole amve mmene mayi ake akufunsira kuti, "Nanga muzimupatsa zingati, pa sabata kapena pa mwezi? Nanga akaswa mbale zikhala bwanji?" ndipo aone kuti mukatha kufunsa zimenezi inu ndi mnzanu mukusekabe limodzi. Kutsuka mbale akudziwa kale, anaphunzira kwa inu. Chimene sanaonepo ndi munthu wamkazi akutchula mtengo wa ntchito yake popanda kupepesa.

Achinyamata a lero amanyoza ntchito zazing'ono

Amalume,
Ine ndine bambo wachikulire, ndinapuma pantchito ya uphunzitsi ndipo ndikukhala ku Songani. Ntchito yanga yoyamba ndinaigwira ndili mnyamata, kugulitsa zipatso za mwini munda m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe. Kumeneko ndinaphunzira kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndinaphunzira kuti masitiroberi sadikira mawa, ndiponso kuti ukabisa owola pansi pa abwino kasitomala sabweranso. Zimenezi zinandithandiza moyo wanga wonse. Lero adzukulu anga akukana ntchito zotere, akuti ndalama zake n'zochepa, ndipo amangokhala ndi mafoni. Kodi tinalakwitsa pati powalera?

Bambo,
Zimene mwatchulazo ndi maphunziro enieni, ndipo ndikufuna achinyamata owerenga tsamba lino aziwerenge kawiri. Munthu amene anagulitsapo chinthu chosachedwa kuwonongeka amadziwa kuti mtengo wa m'mawa si wa madzulo, ndipo amaphunzira kusankha pakati pa kutsitsa mtengo ndi kubwerera ndi katundu wokataya. Amaphunzira kuwerenga nkhope ya munthu amene waimitsa galimoto, kudziwa amene akungofunsa ndi amene agule. Amaphunziranso kuti ndalama zonse zimene zili m'thumba madzulo si zake, chinthu chimene akuluakulu ambiri amene anagwa pa geni sanachimvetse. Ndikuganiza kuti pamene munadzayamba kuphunzitsa masamu a kugula ndi kugulitsa, munkafotokoza ngati munthu amene anazigwirapo ndi manja.

Koma pa za adzukulu anu, mundilole ndisiyane nanu pang'ono. Musanaweruze kuti ndi ulesi, muwafunse kuti awerengere pamaso panu. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo inachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ya minibasi, ya nsima ya masana ndi ya sopo inakwera motsatira, pamene ambiri olemba ntchito achinyamata akutchulabe malipiro akale. Mnyamata wochokera ku Songani amene wapeza ntchito m'tauni akhoza kupeza kuti thiransipoti yopita ndi yobwerera yadya gawo lalikulu la malipiro ake mwezi usanathe. Akawerengera n'kukana, ndiye kuti wachita zomwe inu munaphunzira ku Chawe, kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Komanso Zomba wa lero si wa nthawi yanu. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, maofesi ambiri anatsatira, ndipo ntchito zazing'ono zimene zilipo akuzilimbirana ndi anthu amene anatuluka ndi madigiri pa Yunivesite ya Malawi pompano pa Chirunga.

Sindikukana kuti alipo ena amene amachita manyazi kuonedwa ndi anzawo atanyamula lichero, ndipo manyazi amenewo ndi opusa. Koma njira yowathandizira si kuwauza mmene inu munavutikira, chifukwa nkhani zotere adzukulu amazimvera ulemu basi. Ngati mungathe, mupatseni mmodzi mpamba wochepa wa tomato kapena mpunga wa ku Domasi monga ngongole yobweza, mulembe pakope, ndipo Loweruka lililonse mukhale naye pansi akuonetseni zolowa ndi zotuluka. Mudzadziwa msanga ngati vuto ndi ulesi kapena ndi kusowa poyambira. Za mafoni musadandaule kwambiri, chifukwa masiku ano makasitomala ambiri amaitanitsa katundu pa WhatsApp.

Malipiro anga amalandira ndi azakhali

Amalume,
Ndili ndi zaka 16 ndipo kwathu ndi ku Chingale. Azakhali anga ananditengera m'tauni kudzagwira ntchito ya m'nyumba kubanja lina. Ndimadzuka kusanache, kugona ena onse atagona, ndipo ndilibe tsiku lopuma. Malipiro amalandira ndi azakhali, akuti akundisungira, koma sindinawaonepo. Posachedwapa abambo a m'nyumbamo ayamba kundigwiragwira mayi akachoka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 ndipo ndimafuna kubwerera. Kalatayi wandilembera mnzanga.

Mwana wanga,
Ndiyamba ndi nkhani ya abambowo, chifukwa imeneyo siingadikire. Zimene akuchitazo ndi mlandu, ndipo wolakwa si iwe. Chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo limakuteteza monga mwana, ngakhale uli pantchito m'nyumba mwawo. Usadikire kuti mwina asiya, chifukwa anthu otere akaona kuti mwana ali chete amapitirira. Mnzako amene wakulembera kalatayu akuthandize kuimba nambala ya 116, imene ndi yaulere. Imeneyi ndi nambala ya Tithandizane yothandiza ana, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili ku Zomba komweko. Ukhozanso kupita kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi ya zosamalira anthu ya boma. Anthu amenewa angakuthandize kuchoka m'nyumbamo mosaika moyo wako pachiswe. Ngati ulipo mwayi wouza mayi ako kumudzi, uwauze wekha ndi pakamwa pako, osati kudzera mwa azakhali.

Pa za malipiro, ndalama za ntchito ndi za amene wagwira ntchitoyo. Azakhali akhoza kukusungira ngati iwe wafuna, koma wosunga amauza mwini wake kuti zafika zingati ndipo amazionetsa akafunsidwa. Uli ndi ufulu wodziwa zimene anapangana ndi banjalo komanso zimene alandira kuyambira mwezi woyamba. Ndikudziwa kuti kufunsa azakhali za ndalama kukuoneka ngati phiri, makamaka popeza iwo akudziona ngati anakuchitira chifundo pokutulutsa kumudzi. Choncho funsoli lifunsidwe pamaso pa makolo ako kapena amalume ako enieni, ndipo a ofesi ya zantchito akhoza kuitanitsa banjalo kuti linene zimene lakhala likupereka. Antchito a m'nyumba nawonso ali ndi malipiro ochepetsetsa amene boma linaika, ndipo lamulo limati ntchito isapitirire maola 48 pa sabata, ndi tsiku lopuma sabata iliyonse.

Sukulu ya pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, ndipo palibe lamulo lokuletsa kubwerera mu Sitandade 7 chifukwa cha msinkhu. Mwina ena adzakuseka kuti wakula, koma kuseka kumatha teremu imodzi. Ndalama zimene azakhali akusungazo, zikapezeka, zikugulire yunifolomu ndi makope.

Kwa owerenga amene muli ndi atsikana otere m'nyumba zanu, ndipo ndikudziwa kuti ndinu ambiri, malipiro muzipereka m'manja mwa wogwira ntchitoyo ndipo azisayinira. Ngati mukulipira munthu wina amene anakubweretserani mwanayo, dzifunseni kuti mwalemba wantchito kapena mwachita china chimene simungafune kuchitchula dzina.

Malipiro oyamba apite kwa yani?

Amalume,
Ndili ndi zaka 18 ndipo ndikuthandiza amisiri omanga nyumba ku Chikanda, kukanda matope ndi kuperekera njerwa. Kumapeto kwa mwezi uno ndilandira malipiro anga oyamba. Agogo akuti ndikapereke onse kwa makolo kuti andidalitse, pamene anzanga akuti ndigule foni. Ndimvere ndani?

Mphwanga,
Mwambo umene agogo akunenawo ndi wabwino, ndipo makolo ambiri akalandira amatapapo pang'ono n'kubweza zotsalazo. Pita nazo kwa makolo, uwaonetse, uwagulire chinthu chooneka monga chitenje cha mayi ndi shuga wa pakhomo. Koma pa tsiku lomwelo uwauze zoona za malipiro ako ndi zimene ungathe kumapereka mwezi uliwonse, chifukwa zimene uchite mwezi woyamba ndi zimene pakhomo adzayembekezere miyezi yonse, ndipo ntchito ya zomangamanga imatha nyumba ikafoleredwa. Chiphaso cha unzika munthu amatenga akakwana zaka 16, choncho ukhoza kulembetsa nambala yako ndi kusunga kenakake ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Foni idikire mwezi wachitatu, pokhapokha ngati ndi yotsika mtengo yoti amisiri azikupezerapo pakakhala ganyu. M'malo mwake ugule chipangizo chimodzi cha umisiri, kaya supuni yomangira kapena levulo, ndipo upemphe mmisiri wamkulu kuti azikulola kuyala mzere umodzi wa njerwa ntchito ikamatha. Za kubetcha pa mpira ndi za katapila usaziyandikire.

Ndikufuna kusiya, koma abwana ndi abwino

Amalume,
Ndine mtsikana wa zaka 19. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikugwira ntchito pamalo ena ojambulira mapepala ndi kutayipa pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Tsopano ndapeza malo pakoleji ya zaluso ya Nasawa. Abwana anga ndi mayi abwino amene anandiphunzitsa kompyuta, ndipo ndikuchita mantha kuwauza. Mnzanga akuti ndingolandira malipiro n'kusowa. Kodi n'kulakwa?

Mwana wanga,
N'kulakwa, ndipo kungakupweteke iwe mwini kuposa mayiwo. Zomba ndi mzinda waung'ono, anthu ake amakumana kumsika, kuchipatala ndi pamaliro, ndipo akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mantha amene uli nawowo ndi omwe aja a mnyamata wa ku Chinamwali, kuopa kunena kwa munthu wamkulu chinthu chimene mwina sangachikonde, ngakhale kuti iwe bwana wako ndi wabwino. Achinyamata ambiri amasankha kuthawa m'malo molankhula, n'kutaya umboni wa chaka chonse cha ntchito yabwino chifukwa choopa kukambirana kwa mphindi zochepa.

Munthu wolandira pa mwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Uwapemphe mayiwo nthawi yoti mukhale pansi makasitomala atachepa, uwaonetse kalata ya kukoleji, uwathokoze potchula zenizeni zimene anakuphunzitsa, kenaka uwapatse kalata yaifupi yonena tsiku limene udzasiye. Ndikuganiza kuti adzakondwa, chifukwa amene anakuphunzitsa kompyuta mwa kufuna kwake sangadane ndi kuti ukaphunzire zambiri. Ngakhale atakhumudwa, mwezi umenewo ugwire ntchito monga kale, ndipo ngati apeza wolowa m'malo mwako umuonetse mmene makina amagwirira ntchito, kumene mumagula mapepala ndi inki, ndi makasitomala amene amalipira pakutha pa mwezi.

Usachoke wopanda kalata. Lamulo limati wantchito akapempha, bwana azimupatsa chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira, ntchito imene amagwira ndi malipiro ake. Uwapemphenso kuti awonjezere mawu ochepa onena za khalidwe lako ndi luso lako, asayine ndi kudinda chidindo ngati ali nacho. Maphunziro a m'makoleji a zaluso amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, amakhala ndi nthawi yokaphunzira pantchito, ndipo pofunafuna malo otero kalata imeneyi idzakuika patsogolo pa anzako amene sanagwirepo ntchito kulikonse. Uijambulitse makope angapo, popeza makina ake uli nawo pafupi, ndipo yeniyeniyo uisunge pamodzi ndi satifiketi yako ya MSCE. Tsiku lomaliza muwerengere limodzi mapepala otsala, ndalama za m'kabati ndi ngongole za makasitomala, onse awiri musayine, kenaka upereke makiyi m'manja mwawo.